Mmene Ndinkayesera Makondomu Ngati Ukonde

Sukulu ndinalekeza giredi faifi, koma kuwerenga sindinaleke. Nyuzipepala yokulungira nsomba, kapepala ka mankhwala a mbuzi, chilichonse chokhala ndi zilembo ndimachiwerenga mpaka pansi. Kwathu kwa Mphuka asodzi anzanga amanditcha profesa wa m'bwato, ndipo ine sindikana.

Pobadwa mwana wathu wachinayi, mkazi wanga anataya magazi ambiri, tinatsala pang'ono kumutaya. Anesi a ku Boma anatiuza mosabisa kuti mimba ina ikabwera msanga, moyo wake uli pangozi. Jekeseni wolera sanamuyanje, ndiye tinagwirizana za makondomu.

Tsono msodzi sakhulupirira chinthu asanachiyese. Ukonde timautambasula pamchenga kufuna pobooka. Bwato latsopano timayamba taliyendetsa posaya. Ine kondomu iliyonse ndinkaitulutsa m'paketi masana, n'kuifunyulula yonse, n'kuidzaza madzi a mu Zambezi, n'kuikweza padzuwa kuona ngati ikudontha. Ikakhoza mayeso ndinkaiyanika kuseri kwa nyumba, kenako n'kuipindanso ndi zala zanga zokhakhalazi. Kapepala ka malangizo ndinawerenga ndithu, kungoti ndinaona kuti olembawo sanagwirepo ukonde.

Tsiku lina imodzi inang'ambika. Mkazi wanga sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anangoti, "Atate a ana, kukacha mupope njinga."

Kukiliniki ndinafotokoza luso langa lonse, monyadirako pang'ono. Anesi anaika cholembera pansi.

"Atate, mwati mumaichapa mu Zambezi?"

"Kuyesa, asisita, osati kuchapa."

"Nanga a ng'ona amati yakhoza?"

Mkazi wanga anaseka koyamba tsiku limenelo, atabisa pakamwa ndi chitenje.

Anesi anati makondomu amachoka kufakitale atayesedwa kale. Yotuluka kumene m'paketi, yosungidwa pozizira, yosapitirira tsiku lake, yovalidwa bwino nthawi iliyonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sing'ambika kawirikawiri, ndipo imatchinga mimba ndi matenda, kachilombo komwe. Si khoma la simenti, anatero, koma makondomu ambiri amene amalephera, olakwa amakhala eni ake. Dzuwa limafooketsa mphira, madzi amachotsa mafuta ake, zikhadabo zimamaliza ntchito. Mayeso angawo ndiwo ankaiwononga.

Anamupatsa mkazi wanga piritsi lothandiza pakachitika ngozi yotere, lija lofunika kumwa masiku ambiri asanapite. Kenako kunali kudikira. Masabata awiri amenewo ndinkapalasa bwato ngati mlendo pamtsinje, buku silinkalowa m'mutu.

M'mawa wina ndikusoka ukonde pansi pa mtengo wa masau, mkazi wanga anadutsa ndi ndowa pamutu, n'kunena osaima, "Profesa, kulibe mimba. Koma mayeso aja atsekedwa."

Wachinayi uja pano ali giredi thuu, ndipo akadali chitsirizira. Amayi ake ananenepa, amalima dimba lawo la repu kumtsinje. Mapaketi amasunga okha m'sutukesi pansi pa bedi, pozizira, ndipo ine ndimaloledwa kuwerenga tsiku lolembedwa kunja kokha.