Lezala Lisadutse Panthiti Iyi

Chotupa cha amuna anga chinali kumsana, panthiti ya kumanja. Iwo ankati ndi nkhafi yopalasira bwato basi, poti msodzi aliyense wa ku Bandawe amadandaula msana. Tsiku lina ndikuwapaka mafuta, dzanja langa linamva chinthucho chikugunda ngati mtima wachiwiri. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Mwendo wawo nawo unali utayamba dzanzi.

Tinazungulira zipatala mpaka ku Blantyre, kumene anawalowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi. Dokotala anatiuza kuti ndi matenda osowa, mitsempha ya magazi yopiringizana ngati ukonde, yadya nthiti ndipo yayamba kupanikiza fupa la msana.

"Tidzachotsa nthitiyo magazi okwanira akapezeka," anatero. "Kadikireni kunyumba. Koma pamenepa pasadutse lezala kapena singano. Akatemapo, magazi sadzaleka."

Kudikira ndiye kunandidwalitsa ine. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, anamva zonse nagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawuwo angodutsa. Kwathu chotupa chimatemedwa mphini, apakepo mankhwala akuda, nkhani yatha. Iwo ndi a mvano, Lachinayi lililonse ali kutchalitchi, koma thupi lawo lonse ndi mphini zokhazokha.

"Ana anga onse ndawalera ndi lezala," ankatero. "Wafapo ndani?"

Ine ndimachapa ku loji ya ku Makuzi. Ndinkayanika mashiti maso ali kumsewu. Ndinkapsereza mapilo ndi simbi. Malezala onse a m'nyumba ndinawataya m'chimbudzi, mpaka abambo anamera ndevu ngati mbuzi, koma ku golosale malezala satha.

Tsiku lina masana mnzanga wogulitsa usipa anafika ku loji nandiuza kuti waona munthu wotema mphini akulowa kwathu. Ndinasiya madzi akutayika pampopi. Ndinadutsa m'minda ya chinangwa, patapata m'manja, ndikutukwana njira yonse, Mulungu andikhululukire.

Ndinapeza amuna anga atagona chafufumimba pamphasa, malaya atavula, apongozi ataima pambali. Mphini imodzi inali itatemedwa kale, yaing'ono, m'mphepete mwa chotupacho. Magazi ake ankatuluka ngati aboola chigubu. Wotemayo anali atagwira lezala m'mwamba, pakamwa yasa. Ndinamukankha, ndinavula chitenje n'kuchikanikiza pabalapo ndi thupi langa lonse.

"Ama, mukufuna mumuike m'manda ndi manja anu?"

Sindinalankhulepo choncho kwa apongozi chikwatiwire. Iwo anangovula chawo chitenje n'kundipatsa, poti changa chinali chitanyowa kale. Abambo ali pansipo akuti, "Pepa, ululu unandikulira." Ndinawakwiyira, ndinawamveranso chisoni, zonse pamodzi.

Kuchipatala cha Chintheche anatha kuletsa magaziwo. Mawa lake apongozi anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa ana awo ndi adzukulu, anthu oopa singano kuposa ng'ona, kuti akapereke magazi. Wokana ankamuloza ndi ndodo.

Opaleshoni inachitikira ku Blantyre kuja ndipo inatenga tsiku lathunthu. Ndinayenda m'khonde la chipatala mpaka mlonda anandipempha kuti ndikhale, ndinakhala, ndinadzukanso. Madzulo dokotala anatuluka atatopa nati achotsa chotupa ndi nthiti yake, msana wapulumuka, koma magazi onse aja alowa, osatsala ndi botolo limodzi.

Titabwerera kumudzi, apongozi anayang'ana chipsera chochokera kumsana mpaka kukhwapa.

"Timphini tanga munakana," anatero, "koma chimphini ichi mwavomera."

Anaseka, kenako analira.

Abambo anabwerera panyanja, ngakhale amapalasa chopendekera. Ine mpaka lero sindinazolowere. Akamavala malaya m'mawa ndimawaimitsa, n'kuika dzanja pamalo paja. Amadandaula kuti ndikuwachedwetsa, anzawo akankha kale bwato. Ndimawauza kuti akhale chete, ndipo sindichotsa dzanja mpaka nditatsimikiza kuti palibe chikugunda.