Mbendera ya Che Bwanali

Ntchito ya panjanji ndinaipeza chifukwa cha malume anga, amene ankapopa madzi a sitima pa siteshoni ya Golomoti. Ndinali nditamaliza Sitandade 6 ku Mua, ndipo ndinkangozungulira m'mudzi ndi Chingerezi changa, chopanda wochigula. Tsiku lina malume anandiimika pamaso pa mzungu woyang'anira mainjini, amene anatsika m'sitima kuti awongole miyendo. Mzunguyo sanafunse za satifiketi. Anandifinya mikono, anayang'ana zikhatho, n'kunena kuti Lolemba ndikapezeke ku shedi ya mainjini ya ku Salima. Zinali zaka zija Chitaganya chitangoyamba.

Miyezi isanu ndi itatu ndinali wopukuta injini ndi kuwola phulusa. Kenaka anandikweza kukhala fayamani, munthu wothira malasha, ndipo anandipereka kwa dalaivala, a Zuze, Msena wa kumunsi kwa Shire, mmodzi mwa anthu akuda ochepa amene anali atapatsidwa injini ya katundu. Zida zanga zinali fosholo, nyundo yophwanyira malasha, ndi chitsulo chachitali chotakasira moto. Malasha sungowakhuthulira m'ng'anjo. Umathira mafosholo asanu kapena asanu ndi limodzi, m'makona choyamba, pakati pambuyo, n'kutseka chitseko msanga. Diso limodzi limakhala pa galasi la madzi a mu boila, kuti asatsike kupyola theka, lina pa muvi woonetsa mphamvu ya nthunzi. Muvi ukagwa, injini imafooka pokwera, ndipo nkhani yako imafika ku shedi iwe usanafike.

A Zuze sankalankhula zambiri, koma lamulo limodzi ankalibwereza ngati Atate Athu.

"Iwe Lukasi, ine ndili kumanja, iwe kumanzere. Njanji ikakhotera kumanzere, boila amanditseka maso. Pamenepo maso anga ndiwe. Fosholo pansi, mutu kunja."

Ndinkayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinkati mdalayu akundiyesa mwana. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Pakati pa Golomoti ndi Mtakataka pali malo amene njanji imakhotera kumanzere, cha kuphiri, pafupi ndi mlambe waukulu, ndipo ikangowongoka imadutsa pa kalavati wa kamtsinje. Chigawo chimenecho chinali cha Che Bwanali, woyendera njanji. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi ndi sipanala, nyundo, ndi thumba la mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, kuyang'ana ngati nati yamasuka kapena madzi akumba pansi. Anali bwenzi la malume, ndipo anandidziwa ndisanayambe kuvala kabudula. Tikamadutsa ankakweza dzanja, kofia yoyera ili pamutu, ine n'kuwaponyera chibuluma cha malasha choti mayi a kunyumba akasitire.

Nthawi imeneyo bungwe lathu la antchito a panjanji linali lakhanda. Mlembi wa nthambi yathu anali a Kamwendo, kalaliki wa katundu ku Salima, munthu woonda wokonda tayi. Lamulungu lina tinakumana pansi pa mango kuseri kwa shedi, ndipo oyendera njanji nawonso anabwera. A Kamwendo anabweretsa mfundo ziwiri. Yoyamba, kukachitika ngozi, aliyense amene anali pa sitimayo asalankhule ndi a nyuzipepala mpaka mlandu utafunsidwa. Bungwe ndilo lilankhule. Yachiwiri, wantchito asaloze mnzake chala pamaso pa mabwana.

Amene anatsutsa kwambiri ndinali ine. Ndinati azungu amalankhula ndi a nyuzipepala tsiku lililonse, ndiye ife tikatseka pakamwa, dziko lidzamva za iwo okha. Ndinati munthu amene sanagwirepo fosholo angatilankhulire bwanji ife amene timapsa nkhope. Ena anawomba m'manja, ndipo mpaka lero sindinena kuti mfundo yanga inali yopusa. A Kamwendo sanakwiye. Anangoti, "Achimwene, munthu wongotuluka m'ngozi salankhula yekha. Amalankhula ndi mantha ake." Tinakweza manja, iwo anapambana. Ndinaona dzanja la Che Bwanali lili m'mwamba, mbali ya a Kamwendo.

Tsiku limene ndikufuna kusimba linali la mu Febuluwale. Mvula inali itagwa masiku atatu kumapiri a Dedza, ndipo kuchigwa kuno madzi ankangotsika ngakhale pamene sikukugwa dontho. Tinkachokera ku Balaka ndi mabogi a simenti ndi mchere. Pa Golomoti tinaima kumwetsa injini cha m'ma eyiti m'mawa. Malume anatipopera madzi pa mpope wawo. Atamaliza anayang'ana kuphiri, kumene mitambo inakhala pansi ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, n'kuwauza a Zuze kuti, "Mtsinje wa Livulezi sunagone. Muyende bwino, akulu."

Tinanyamuka pang'onopang'ono. M'madambo madzi anali atafika m'mphepete mwa njanji, ofiira, akuyenda ndi mapesi. Sitinaone munthu m'minda. A Zuze anatulutsa mutu pa zenera lawo chifukwa galasi lakutsogolo linali litachita nkhungu, ndipo sanaubwezenso mkati.

Vuto langa linali malasha. Anali atanyowa, akungofuka, ndipo muvi unayamba kutsika. Ndinatakasa, ndinathira, muvi osamva. Ndinayamba kuganiza za anzanga ku shedi, mmene ankasekera fayamani wogwetsa nthunzi, makamaka wa Sitandade 6. Mlambe uja ndinauona ukubwera. Ndinadziwa kuti ndi nthawi yoika fosholo pansi. Ndinati mafosholo awiri okha, ndiyang'ana. Ndinatembenuza msana ku zenera langa, ndinatsegula chitseko cha ng'anjo, ndinathira awiri, n'kuwonjezera wachitatu ndi wachinayi.

Ndinamva a Zuze akukuwa, "Mayo!" ndi kulira kwa mabuleki. Njanji inali itawongoka, ndipo iwo anaona zimene ine ndikanaziona kale. Kalavati kunalibe. Zitsulo za njanji zinali lende pamwamba pa madzi. Injini inaweramira kutsogolo, n'kugwera kumanja, mbali ya a Zuze. Ine ndinaponyedwa kunja m'matope, ndipo ndinangothyoka mkono. Paipi ya nthunzi inaphulikira pa iwo. Anthu a m'midzi anawanyamula pa machira mpaka ku chipatala cha ku Mua, koma sanathe kulankhula mawu omveka. Tsiku lachitatu anamwalira.

M'mawa mwake mwa ngoziyo, sitima yokonza njanji inafika pa Mtakataka kuchokera ku Salima. Gadi wake anandipatsa kapepala ka a Kamwendo: "Kumbukirani za pansi pa mango. Ndikubwera mawa." Koma tsiku lomwelo pa lole ya mmwenye panatsika mtolankhani wochokera ku Blantyre, mnyamata wa jekete ndi kabuku m'manja. Anandipeza pa khonde la siteshoni, mkono uli m'nsalu. Anandipatsa ndudu, anandilankhula m'Chingerezi, ndipo ananditchula bambo, ulemu umene panjanji ndinali ndisanaulandirepo. Anafunsa za mvula, za liwiro, za a Zuze. Kenaka anafunsa ngati panali chizindikiro chilichonse chotichenjeza tisanafike pa kalavati.

Ndinaona kuti ndikati sindikudziwa, funso lotsatira likhala lakuti ndinkayang'ana kuti. Kapepala kanali m'thumba la malaya, ndipo ndikanangokatulutsa nkhani ikanathera pomwepo. Koma mantha ndi kunyada zinagwirizana, pakamwa panatseguka.

"Panalibe mbendera," ndinatero. "Panalibe munthu."

Analemba. Ndinaona pensulo ikuyenda, ndipo ndinadziwa kuti ndanena chinthu chimene sindinachione.

Nyuzipepala inatuluka patapita masiku anayi, a Zuze ataikidwa kale. Dzina langa linalimo, ndi mawu anga, ndi mutu wankhani wonena kuti woyendera njanji sanali pantchito. Madzulo ake apolisi anakatenga Che Bwanali kunyumba za gengi yokonza njanji, ana akuona.

A Kamwendo anandiitanira kuseri kwa shedi. Anatulutsa makalata atatu amene kapitawo wa gengi analemba mvula isanayambe, odandaula kuti kalavati uja ndi wamng'ono ndipo pansi pake pakumbika. Bungwe linkafuna kupita nawo ku mlandu kuti nkhani ikhale ya kalavati.

"Tsopano mwawapatsa munthu," anatero. "Akapeza munthu woti amugwire, kalavati amufuniranji?"

Ndinalira, ndipo ndinawauza zonse, za muvi ndi mafosholo anayi. Ndinati ndilembera mtolankhani uja kuti akonze. A Kamwendo anapotokola tayi yawo.

"Madzi akatayika saoleka, achimwene. Lamulo lija likadalipo. Mukalankhulanso, Che Bwanali sawabweza, ndipo inunso akuchotsani. Titaya awiri. Ku mlandu mukayankhe chimene akufunsani, basi."

Ndinene zoona, chifukwa ndakalamba ndipo palibenso wondichotsa ntchito: mtima unakhala pansi. Lamulo limene ndinaliswa pamene likanapulumutsa Che Bwanali, ndinalikumbatira pamene linkapulumutsa ine.

Mlandu unafunsidwa m'chipinda cha siteshoni ya Salima, azungu atatu ali patebulo, nyuzipepala ija ili pakati pawo. Che Bwanali anaimirira ndi kofia m'manja. Anati anapeza kalavati atangokokoloka, anamva sitima ikubwera, ndipo anathamanga mpaka pa mlambe n'kuimika mbendera yofiira. Mmodzi wa azunguwo anagogoda nyuzipepala ndi chala. Kenaka anandifunsa ine ngati ndinaona mbendera. Ndinati ayi. Ndinadikira funso lachiwiri, koma silinabwere. Che Bwanali anandiyang'ana kamodzi kokha. Makalata a kapitawo anawerengedwa mothamanga n'kuikidwa pambali.

Apolisi anawamasula patapita milungu itatu, koma ntchito inatha, ndi nyumba yomwe. Anali atayenda chigawo chija zaka zoposa makumi awiri. Ku Golomoti ndi ku Mtakataka anthu ankanena kuti ndi aja anagona kunyumba dalaivala n'kufa. Malume sanandifunse chilichonse, koma kuyambira pamenepo ankamwetsa injini yanga osakweza maso.

Panapita zaka ziwiri. Masana ena a mu Okutobala tinaima pa Mtakataka kudikira sitima ina kuti idutse. Pakati pa ogulitsa nsomba ndinaona kofia yoyera, yakutha m'mbali. Che Bwanali anali ndi lichero la utaka wouma. Ndinafuna kubisala kuseri kwa malasha, koma anali atandiona kale. Anabwera mpaka pa makwerero a injini.

"Moni, aphwanga. Mkono uja unapola?"

Ndinatsika. Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, ndipo ndinayamba kuyankhula za mvula ya tsiku lija, za nkhungu, za mmene kunalili kovuta kuona. Anandilola kuti ndimalize.

"Kunalibe nkhungu, aphwanga," anatero mofatsa. "Ine ndinakuonani. Ndinaima pa mlambe, ndinakuwa dzina lanu mpaka mawu kutha. Ndinaona msana wanu, ndi fosholo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezo pamaso pa azungu aja, pamene zikanawapulumutsa.

"Si tinapangana pansi pa mango? Ine ndinakweza dzanja." Anakonza nsomba zawo pa lichero. "Wallahi, ndinadikira kuti munena nokha."

Sitima ina ija inaliza wezulo, dalaivala wanga anandiitana, ndipo ndinakwera. Che Bwanali anamwalira chaka chotsatira kumudzi kwawo kunyanja, ine ndisanapeze mtima wopitako.

Ndinagwira ntchito ya panjanji zaka makumi atatu, ndinakhala dalaivala, ndipo kwa kanthawi ndinakhalaponso mlembi wa nthambi. Anyamata atsopano akamatsutsa lamulo la nyuzipepala ndi mfundo zanga zomwe zija, ndinkawauza kuti lamulolo ndi labwino masiku oyamba, pamene munthu sakudziwa bwino chimene anaona ndi chimene akuopa. Mtolankhani amafuna yankho lero, ndipo wamantha amamupatsa dzina la mnzake. Koma ndinkawauzanso kuti bungwe limatseka pakamwa pa khonde la siteshoni pokha. Patebulo la mlandu palibe amene amakugwira pakamwa, ndipo ukakhala chete pamenepo, usanamizire bungwe. Za mafosholo anayi sindinkawauza. Ndikuzinena lero koyamba, kuti ana ndi adzukulu a Che Bwanali adziwe kuti agogo awo anali pantchito tsiku lija.

Kalavati uja anamangidwanso, wamkulu kawiri kuposa woyamba. Mlambe ukadalipo. Ulendo uliwonse umene ndinadutsapo ndili fayamani, kaya muvi wagwa kaya mvula ikulowa m'makutu, ndinkaika fosholo pansi n'kutulutsa mutu. Ndinkayang'anitsitsa pansi pa mtengo paja mpaka titadutsa, koma panalibenso woima ndi mbendera.