Mawu a Bambo Anga Ali kwa Pulofesa

Ananditengera mawu a bambo anga. Amene anawatengayo lero ndi pulofesa, amaphunzitsa mbiri ya zisudzo ku yunivesite.

Ndikukumbukira tili matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kachebere. Fodya akapita kumsika, bambo ankasonkhanitsa anzawo kuseri kwa chigafa, komwe kapitawo sankafika, n'kuchita sewero lonyoza sikelo. Bambowo ankakhala kapitawoyo, ataika pilo pamimba. Ine ndinali belo la fodya. Ankandilowetsa m'saka lonunkha chikonga, fumbi likalowa m'mphuno ndinkayetsemula.

"Mwamva nokha!" ankatero bambo ndi mawu okhuthala. "Fodya wanu ali ndi chimfine. Giredi yotsika!"

Amayi ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine m'sakamo sindinkaona kanthu, ndinkangomva mawuwo akudutsa pamwamba panga.

Chaka china kunabwera mphunzitsi wachinyamata wa ku yunivesite, kamera ili paphewa. Anali waulemu, ankadya nafe mtedza wokazinga. Koma anati kuseri kwa chigafa kuli mthunzi wambiri, kamera yake ikufuna dzuwa. Anapempha kuti sewero lichitikire pabwalo la kutsogolo.

"Achimwene, pamenepo ndi pamsewu wa abwana," anatero bambo.

"Musade nkhawa, bambo. Izi ndi za maphunziro basi."

Ndinayetsemula monga mwa masiku onse, koma palibe anaseka. Nditasuzumira pabowo la saka ndinaona nsapato za kapitawo weniweni.

Mvula isanagwe anatichotsa pa esiteti. Tinakakhala kwa amalume ku Mavwere, sukulu yanga inathera pomwepo. Bambo sanachitenso sewero mpaka tinawaika m'manda.

Mphunzitsi uja anakwera. Analemba buku, anapita kunja, anabwerako ndi udokotala, kenako upulofesa. Ndinamumva pa wailesi akunena kuti ophunzira ake onse amayamba ndi kanema wa matenanti a ku Mchinji. Ana a eni ake amamva bambo anga chaka chilichonse, ine ayi. Nkhope yawo ndimaikumbukira, koma mawu aja akundithawa. Ndikayesa kuwatsanzira, amatuluka anga.

Ndinapeza nambala ya ofesi yake. Mlembi anati kanemayo ndi wa ofufuza okha, ndibwere ndi chiphaso cha ophunzira.

Masiku ano mwana aliyense amajambula bambo ake pa foni. Ife tinajambulidwa kamodzi, ndi mlendo. Sindikufuna fizi yomwe ndinasowa, kapena dzina langa m'buku lake. Ngongole yake kwa ine ndi yochepa: mpando umodzi m'kalasi mwake, tsiku limene amaonetsa kanemayo.