Ntchafu za Akamwini

Alamu anga anasewera mpira mu ligi yayikulu kuyambira ali opanda ndevu mpaka imvi zitayamba kusuzumira, anavalapo jezi ya timu ya dziko lino, anakaseweranso ku Mozambique, koma amayi anga, omwe ndi apongozi awo, zaka zonsezo ankawaonera ndi nkhongo. Vuto linali limodzi basi: mpira amasewera atavala kabudula.

Ife kwathu ndi ku Dedza, ngakhale kuti ine ndi achemwali anga tinabadwira ku Kawale ndipo kumudziko timangopita kukagwa maliro. Amayi za kumudzi anasiya zambiri, koma ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi anabwera nawo wathunthu, osasiyako ndi kachidutswa komwe. Mkamwini amagwada patali, amalankhula atayang'ana kumbali, ndipo ntchafu zake apongozi saziona. Ndiye achemwali, mwa amuna onse a mu Lilongwe ovala mathalauza, anakasankha munthu amene ntchafu zake zimatuluka pa nyuzi.

Tsiku lodzaonekera, alamu anabwera atavala bwino ndithu, ndipo amalume anawafunsa ntchito imene amagwira.

"Ndimasewera mpira, pakati."

"Ifenso tinkasewera," anatero amalume. "Tikufunsa ntchito."

Nthawi imeneyo n'kuti atangochoka ku katimu ka ku Area 25 kupita ku timu yayikulu ya m'tauni muno. Mpira anayambira ku Chinsapo pa bwalo la fumbi, opanda nsapato, ndipo kasewedwe ka kumeneko sanakasiye. Kugoletsa sinali mbali yawo. Iwo ntchito yawo inali kulanda mpira, ndipo ankalanda motsetsereka pansi, mwendo uli patsogolo, kabudula atakwinyikira m'mwamba. Ojambula a nyuzi ankaikonda kwabasi mphindi imeneyo.

Amayi ankagulitsa mandasi ku msika wa Chilinde, ndipo ankakulungira m'nyuzi zakale. Tsiku lina akung'amba pepala kuti akulungire kasitomala, anangoti maso gwa pa akamwini ali lambalamba pa kapinga, zonse zili pamtunda. Kukulungira mandasi m'menemo sakanatha. Kutaya pepalalo pansi kuti anthu aziliponda sakanathanso. Kasitomala anapita ndi mandasi ake m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndinapatsidwa udindo wochotsa tsamba la masewero m'nyuzi iliyonse isanafike pa beseni.

Ife tinkaseka, koma alamu nkhaniyi sinkawaseketsa. Mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo anakulira m'manja mwa achimwene awo. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo ku Biwi akutsuka nsapato za mpira, ndipo ndinayamba kuwaseleula monga mwa nthawi zonse, poti mlamu ndi wosereulana naye. Sanandibwezere.

"Alamu," anatero, "anzanga onse mayi awo anabwerako ku stediyamu. Ngakhale goloboyi wathu uja, womwa zigoli ngati thobwa, mayi ake amakhala pomwepo kumaimba nthungululu. Ine ndikakweza maso ndimangoona ma guy a kabaza. Ndimafuna amayi adzandionereko, kamodzi kokha."

Ndinawamvera chisoni moti ndinaiwala chimene ndinabwerera. Iwo sakanatha kuwauza okha apongozi awo, ndiye uthenga unadzera kwa achemwali, achemwali n'kunditula ine, poti m'banja mwathu wopanda manyazi ndi ine. Amayi anakanitsitsa kwamtuwagalu.

"Amayi, dziko lonse laziona ntchafu zimenezi," ndinatero.

"Dziko lonse si apongozi ake."

Sikuti mpira ankadana nawo. Pa wailesi sankaphonya, ndipo woulutsa akangotchula akamwini ankasiya chilichonse n'kugwira pachifuwa. Titagula TV, anapeza njira yawo. Ankatenga mpando n'kuutembenuza, iwo n'kuyang'ana kukhoma, ife n'kumawafotokozera.

"Ali pati?"

"Ali pakati, amayi."

"Agoletsa?"

"Apatsira mnzawo."

"Mtima wabwino umenewo udzawapweteka."

Zinayenda choncho mpaka Loweruka lina pamene anangokuwa mwadzidzidzi n'kudziphimba kumaso. Galasi la kabati ya mbale, imene inali kukhoma komwe ankayang'anako, linkaonetsa TV yonse bwinobwino, ndipo akamwini anali atangotsetsereka kumene. Kabatiyo inavekedwa chitenje, ndipo tsiku la mpira lililonse inkavala ngati nayonso ikupita ku tchalitchi.

Alamu ataitanidwa ku timu ya dziko, Kawale yense anadzaza nyumba yathu, ena anaima pa mawindo. Apa m'pamene amayi anatulukira mwayi wawo. Poimba nyimbo ya fuko, kamera imadutsa pa nkhope za osewera, kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba. Nkhope inalibe mlandu. Choncho amayi ankaimirira kutsogolo kwenikweni kwa TV, manja kumbuyo, kudikira akamwini. Kamera ikafika ankati, "Aonda," kapena, "Tsitsi limeneli ameta kuti?" Woimbira akangoika wezulo pakamwa, iwo liwiro kumpando wawo wa kukhoma. Masewero onse amene alamu anasewerera dziko lino, amayi anaonera nyimbo ya fuko yokha, ndipo mpaka lero amati akamwini ndime yachiwiri saidziwa.

Ku Mozambique anakakhalako pang'ono. Anabwerako ndi firiji, mawu angapo a Chipwitikizi amene ankatiopsezera nawo, ndi mnofu wa kuntchafu wovulala. Amayi anakapereka nkhaniyi kwa amayi anzawo a ku tchalitchi kuti aipempherere, koma malo ovulalawo sakanawatchula. Anangoti akamwini akudwala malo ena ake. Azimayiwo anayang'anizana, n'kupemphera mwamphamvu kuti banja la achemwali lisasowe ana, chonsecho anali nawo kale awiri.

Ntchafu inapola, koma kenako linabwera bondo, ndipo bondo silinapole. Ku timu ya dziko anasiya kuwaitana. Ku timu yawo anayamba kulowa chigawo chachiwiri, kenako chakumapeto, kenako kumangotenthetsa benchi. Ine ndi achemwali tinkangoti nkhani ya amayi tidzaikonza chaka cha mawa. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu. Tinadzidzimuka alamu atanena kuti mpira ausiya, ndipo anzawo akonza masewero apaubale owatsanzika pa bwalo la kwathu ku Kawale komweko.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapita kwa amayi ndili wokonzeka kukangana mpaka dzuwa kulowa. Ndinawauza kuti mwana wa eni ake wathamanga zaka zonsezi akuyang'ana kumene kumakhala anthu, kufuna mayi, ndipo mayi yekhayo amene ali naye ali kalikiliki kuyang'ana khoma.

"Akavala thalauza ndipita," anatero amayi.

Tinabweretsa zothina zija amavala osewera nyengo yozizira. Amayi anazitambasula n'kunena kuti bola kabudula. Tinabweretsa thirakisuti. Anati imeneyo mphepo ikaomba imamatirira thupi. Thalauza lokhalo limene analivomereza linali la suti ya ukwati, lakuda, lansalu yokhuthala, limene analiona ndi maso awo pa tsiku la ukwati n'kukhutira nalo. Koma alamu a pa ukwati ndi alamu a pa benchi sanali ofanana m'chiuno. Achemwali anapita nalo kwa telala wa pakhonde kuti alimbitse msoko wakumbuyo, ndipo telalayo anachenjeza kuti iye wachita mbali yake, koma mwini wake asayerekeze kutsetsereka.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee. Osewera analowa m'bwalo ndi makabudula awo, ndipo pambuyo pawo panabwera alamu: jezi, thalauza la suti lositidwa mpaka mzere, lamba, ndi nsapato za mpira. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina anakuwa kuti abusa asochera. Wina anafunsa ngati mkwatibwi akubwera pambuyo. Woimbira anawazungulira, n'kuyang'ana kumene tinakhala ife, n'kuona amayi atakhala pa mpando wa pulasitiki atavala chilundu chatsopano, ambulera ili m'manja. Nayenso ayenera kuti anali ndi apongozi, chifukwa sanafunse kanthu.

Ndaonerapo mpira woipa, koma uwu unali wapadera. Munthu amene ankaopedwa ndi osewera a mayiko ena ankayenda pakati pa bwalo ngati wanyamula mazira m'thumba. Mpira ukabwera chapatali ankayamba wagwira kumbuyo kaye, kenako n'kutambasula mwendo pang'onopang'ono, mpirawo utadutsa kalekale. Kamnyamata kena kanawadutsa kawiri motsatizana, ndipo ndinaona thupi lawo lonse likufuna kudziponya pansi monga kale, koma anakumbukira mawu a telala n'kungokaperekeza ndi maso. Thukuta linali kamukamu, thalauza litalemera, bondo likukana. Anzawo anawakonzera penate yabodza kuti atsanzike ndi chigoli, goloboyi n'kudziponyera dala kumanzere, koma alamu anamenyera komweko.

Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndemwe. Amayi okha ndi amene sankaseka. Sanaphethire, sanatsegule ambulera, mtedza umene ndinawagulira unangokhala pamiyendo. Kumene alamu apita, mutu wawo unkapita komweko. Chigawo chachiwiri chili mkati anandikoka dzanja.

"Kodi kale ankasewera chonchi?"

"Ayi, amayi."

"Ankathamanga?"

"Ankathamanga kwambiri. Panalibe wowadutsa."

Ine kuseka kunandithera pomwepo, ndipo ndinakwiyira aliyense: amayi, telala, bondo, ndi ife amene tinkati chaka cha mawa.

Mpira utatha, anzawo anawanyamula pang'ono n'kuwatsitsa msanga poopa msoko. Kenako alamu anabwera kumene tinali, akutsimphina. Anaima patali monga mwa mwambo, anayang'ana kumbali, n'kuyamba kugwada. Bondo linakana. Anayesanso, atagwira pansi ndi dzanja limodzi, mano ali gwa, ndipo anangotsala lendelende pakati, osagwada, osaimirira.

Amayi anadzuka pampando. Anadutsa mtunda wonse uja umene anausunga kuyambira tsiku lodzaonekera, anawagwira pamkono anthu onse akuona, n'kuwadzutsa. Anawayang'ana kumaso.

"Basi, mwana wanga, bondolo lisiyeni. Ndakuonani," anatero. "Ndachedwa ine, koma ndakuonani."

Alamu anangokweza jezi n'kudziphimba nayo kumaso, mimba yonse ili pamtunda, ndipo amayi sanatembenuke.