Kabokosi Kakuda pa Gemu ya Amalume

Chimbale chija chinali chokalikakalika, chopanda chikuto, ndipo amalume ankachipukuta ndi malaya awo asanachilowetse m'makina. Anachigula ku Blantyre, n'kudzatsegula nacho kanyumba ka magemu kuseri kwa msika wa pa Neno Boma. Kanema ankayendera batire la galimoto. Nyengo imene ndikukumbukayi inali yozizira, manachesi ali mbwee, ndipo m'kanyumbamo munkanunkha makoko ake ndi fumbi.

Inali gemu ya ndewu, yosonkhanitsa omenyana ochokera m'magemu osiyanasiyana. Nkhope zawo zinali m'timabokosi, koma kabokosi kotsiriza kanali kakuda, kongoonetsa chithunzithunzi cha munthu wogwa mapewa. Anafe tinkatsutsana kuti mukubisala ndani. Wina ankafuna goloboyi wa mu gemu ya mpira, wina kanjoka ka m'foni kodya timadontho kaja. Eti kanjoka kopanda manja kaponye chibakera! Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ine wanga sindinkamutchula. Ndinkafuna achimwene.

Achimwene anakokoloka ndi mtsinje wa Lisungwi dzinja la chaka chomwecho, ndipo thupi silinapezeke. Pamaliro anaika thunthu la nthochi m'bokosi, monga mwa mwambo. Akuluakulu ankayesa kuti sindinaone, koma ndinaona. Nzeru za mwana wa zaka zisanu ndi zinayi n'zachidule: ngati m'manda muli nthochi, ndiye kuti munthuyo ali kwina, akudikira womutsegulira. Ndiponso ndi achimwene omwewo amene anandiuzapo kuti, "Ukagonjetsa onsewa osagwa, kakudako katseguka."

Ndinasewera nyengo yonseyo mpaka zala zinatuluka matuza. Amalume sankandithamangitsa. Tsiku lina amayi anabwera kudzandikoka khutu chifukwa ndinazemba kotunga madzi, koma atafika pakhomo anangoima, maso ali pa kabokosi kaja. "Mapewawo," anatero chapansipansi, n'kubwerera osandikhudza.

Loweruka lina masana ndinagonjetsa onse, kutsala mmodzi. Anzanga ankakuwa kumbuyo kwanga. Ndinanong'oneza amalume kuti lero achimwene atuluka, tipita nawo kwa amayi. Mdani wotsirizayo atatsala pang'ono kugwa, kanema anangothima. Nditacheuka ndinaona amalume atagwira waya wa batire m'manja.

"Batire latha, mphwanga," anatero osandiyang'ana.

Linali bodza, ndipo tonse tinaona. Ndinadzigubuduza pansi, ndikulira ngati maliro ayambiranso. Chimbale chinasowa sabata yomweyo, ndipo ine ndinawada amalume ndi mtima wonse. Ngakhale manachesi amene ankandisendera ndinkawaponyera nkhuku.

Ndili wamkulu, amalume atamwalira kale, ndinaipezanso gemu ija pa kompyuta ya mnzanga, n'kutsegula kabokosiko. Munatuluka chimunthu chachitsulo, mutu ngati ndowa, chosekerera. Amalume ankachidziwa. Mwini gemu sangalephere kudziwa zili m'chimbale chake. Anasankha kuti ndidane nawo iwowo kusiyana n'kuti ndione chinthu chimenecho chitaima pamalo pa achimwene.

Ndikanakonda ndikanawapepesa. Koma tsiku lija, ndili gone pafumbi paja, sindinamvetse chifukwa chake munthu amene anandithimitsira dala gemu ndiye ankalira kuposa ine.