Tsiku limene ndinayankhira amayi a m'mafilimu

Ku Amereka ndinafika ngati wophika. Bwana amene ndinkamugwirira ntchito ku Lilongwe anatumizidwa ku Washington, ndipo ananditenga. Nthawi yake itatha iye anabwerera kumudzi, ine ndinatsala. Ntchito imene ndinapeza inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo, yomwe Amalawi ambiri kuno ankagwira. Munali m'zaka za m'ma 1990.

Kampani imene inandilemba ntchito inanditumiza ku Alexandria, tauni ya pafupi ndi Washington, ku fulati ina ya m'mwamba, kwa amayi ena achikuda obadwira konkuno. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi atatu. Ankakhala okha. Amuna awo anamwalira kale, ana analibe. M'bale analipo mmodzi, mwana wa mlongo wawo, bambo wa tayi wogwira ntchito m'boma. M'mawa kunkabwera mayi wina wowasambitsa. Ine ndinkafika naini koloko, kuphika, kukolopa, kuwapatsa mankhwala, kuwayendetsa pang'ono panja. Faifi ndinkaweruka. Tinkalankhulana Chingerezi, changa chothyoka. Ndinkawatchula kuti Madamu.

Tsiku loyamba ndinawabweretsera tiyi pa thireyi. Anandiyang'ana kuyambira pakhomo la kukhitchini mpaka patebulo.

"Anakuphunzitsa kunyamula thireyi ndani?"

"Palibe, Madamu."

"Zikuoneka. Wanyamula ngati njerwa. Zigongono m'kati. Usayang'ane kapu, yang'ana kumene ukupita."

Ndinali nditaphikira mabwana zaka zambiri. Komabe mawa lake ndinachita monga ananenera, ndipo tiyi sanatayikire m'sosa.

Patapita masabata ndi pamene ndinadziwa kumene anaphunzira zimenezi. Ali mtsikana ankachita zisudzo m'mafilimu akale aja, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Sanakhalepo mwini filimu. Eni ake anali azungu okongola amene mayina awo ankalembedwa m'zilembo zikuluzikulu koyambirira. Madamu ankakhala wantchito wa m'nyumba, kapena wophika, kapena wolera mwana. Kamodzi anakhala mzamba. Dzina lawo linkabwera kumapeto m'tizilembo ting'onoting'ono, nthawi zina osabwera n'komwe.

Anali ndi matepi a vidiyo katoni yodzadza. Tikatha kudya masana ankandituma kuika imodzi. Filimu yonse sitinkaonera.

"Thamangitsa, izi n'zopsompsonana basi."

Ndinkathamangitsa.

"Imitsa. Ndine uyo."

Chitseko chinkatseguka, n'kulowa mtsikana wochepa thupi wovala epuloni yoyera. Ankaima chilili mpaka dona wachizungu amalize kulankhula, kenako n'kunena kuti galimoto yafika, n'kutuluka.

"Basi?" ndinafunsa ulendo woyamba.

"Basi. Umafuna ndigubuduke pansi? Zimenezo tinajambula masiku awiri."

Sankadandaula nazo. Ankazifotokoza ngati mmene kalipentala amafotokozera za matabwa. Pansi ankalembapo ndi choko poti uime, ndipo unkaima pomwepo. Nyali zinkatentha ngati ng'anjo, koma thukuta sunkapukuta. Makina ojambulira sunkawayang'ana. Lamulo lalikulu linali la pakamwa. Mwini filimu akamalankhula, iwe duu. Akamaliza, uwerenge mumtima mpaka katatu, kenako ulankhule. Wina akayamba kulankhula iwe usanayambe, umusiye.

Anandiuza kuti ali wachilendo pantchitoyo anadula mawu dona wina wotchuka. Sanachite dala, anangofulumira. Bwana wojambulitsa anawauza kuti avule epuloni azipita kwawo. Anakhala miyezi ingapo osaitanidwanso, akuchapa zovala za anthu.

"Kuyambira pamenepo sindinadulenso munthu mawu," anatero. "Ngakhale malemu amuna anga. Ankaganiza kuti ndine mkazi wofatsa."

Zinali zoona. Ukawafunsa kanthu, ngakhale za shuga wa mu tiyi, ankayamba akhala kaye chete pang'ono, kenako n'kuyankha bwinobwino. Ndinkaziona tsiku lililonse, koma sindinaziganizire.

Ndinakhala nawo chaka ndi miyezi. Mutu wawo unali wabwino kuposa wanga. Miyendo ndi imene inkavuta.

Lamulungu lina, ine kulibe, anaika ketulo pa sitovu n'kuodzera pampando. Madzi anaphwa, utsi unadzadza, belu la moto linalira nyumba yonse. Ozimitsa moto anabwera. Palibe anapsa. Koma mwana wa mlongo wawo uja anati zakwana, apite ku nyumba yosungira okalamba. Madamu anakana.

"Muno ndidzatuluka m'bokosi," anatero.

Anakangana pafoni masiku angapo. Mapeto ake anagwirizana kuti kubwere nesi adzawayese. Akapeza kuti mutu uli bwino ndipo angathe kudzichitira zing'onozing'ono, akhala m'fulati mwawo. Akapeza kuti ayi, asamuka. Madamu anavomera mosavuta.

"Ndaloweza mawu moyo wanga wonse. Kanesi sikangandisokoneze."

Tsikulo anavala diresi ya buluu, kupesa tsitsi, kupaka mlomo. Anandisunthitsa mpando katatu kuti kuwala kwa pawindo kuwagwere kumaso. Ine ndinaphika masikono.

Nesi anafika mochedwa, ali ndi changu. Anali wamng'ono, woti angakhale mdzukulu wawo. Anakhala pansi asanauzidwe, n'kupinga miyendo, n'kuwatchula Madamu dzina lawo loyamba ngati mnzake wa kusukulu. Anandiuza kuti ndikhale pompo. Ndinaima pafupi ndi mpando, manja kumbuyo. Iye anatsegula fayilo.

"Lero ndi lachingati?"

Kwathu munthu wamkulu safunsidwa mafunso otero ndi mwana. Ndi chipongwe. Ndipo wamkulu akakhala ndi womutumikira pambali, zing'onozing'ono amayankha womutumikirayo. Wamkulu amatsegula pakamwa pa nkhani zazikulu. Ndi mmene ndinakulira, ndi mmenenso ndinkachitira kwa bwana wanga wa ku Lilongwe. Madamu anali chete. Ndinaona ngati achita manyazi.

"Lachitatu," ndinatero.

Nesi anandiyang'ana, n'kulemba.

"M'mawa uno mwadya chiyani?"

"Phala la otsi ndi nthochi," ndinatero.

"Bambo, asiyeni ayankhe okha."

Ndinavomera. Iye anafunsa kuti tili m'tauni yanji. Madamu anakweza chibwano, n'kukoka mpweya. Panali zii. Nesi anayang'ana wotchi, cholembera chili kale papepala. Kwa ine zii ameneyo anali wautali kwambiri. Ndinaganiza kuti ndiwathandize asanalembedwe zoipa.

"Alexandria," ndinanena chapansipansi, ngati ndikuwakumbutsa.

Madamu anatseka pakamwa.

Zinapitirira choncho. Nesi akafunsa, Madamu ankadikira kuti awerenge katatu kawo. Ine ndinkalowa pa kachiwiri. Ndikayamba, iwo ankandisiya. Za mankhwala ndinathamanga kukatenga kabokosi n'kufotokoza piritsi lililonse. Ndinkadziona ngati ndikugwira ntchito yabwino. Nesi sanandiletsenso. Ankangolemba.

Pomaliza anafunsa ngati angathe kudzipangira tiyi, ndipo anati awonetse. Madamu anagwira ndodo yawo, n'kuyamba kudzuka. Ine ndinali kale kukhitchini. Mlendo ali m'nyumba, mwini nyumba wokalamba sangakagwire ketulo wantchito ali chilili. Ndinabweretsa tiyi ndi masikono pa thireyi, zigongono m'kati. Nesi anamwa theka, anathokoza, anapita.

Chitseko chitatsekedwa Madamu anandiuza kuti ndikhale pansi. Sindinkakhala pamipando ya pabalaza, koma ndinakhala.

"Amayesa ndani lero?"

"Inu, Madamu."

"Ndiye wakhoza ndani? Zaka zonse zija ndinkadikira tsiku loti ndikhale mwini filimu. Linali lero. Iwe wanena mawu anga onse."

"Ndimakupatsani ulemu, Madamu."

"Ndaona," anatero. "Chotsa makapuwa."

Sanakalipe. Masana amenewo tepi sitinaike.

Madzulo ndinakwera sitima kubwerera ku Columbia Heights kumene tinkakhala. Mkazi wanga ankagwira ntchito ku nyumba ina ya okalamba, ndipo mafomu amenewa ankawadziwa. Nditamufotokozera anaika pansi mpeni umene ankadulira ndiwo.

"Abambo inu! Munayankha mafunso angati?"

"Ambiri."

"Mayo ine. Fomu imeneyo imafuna pakamwa pa mwini wake. Wina akayankha amalemba kuti gogoyo sakudziwa. Mumayesa muli pabwalo la milandu kumudzi?"

"Kamtsikanako kanalibe ulemu."

"Ulemu wanuwo wawasamutsa amayi aja. Mawa mupite mukanene."

Ndinapita. Ofesi ya manesiwo ndinaipeza movutikira. Ndinadikira pabenchi mpaka nesi uja anatulukira. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, amayi aja zonse amazidziwa, kungoti amayamba adikira. Anandimvera bwino ndithu. Anati iye analemba zimene anaona, pepala linapita kale, ndipo woti angapemphe kuti awayesenso ndi wachibale, osati wantchito.

Ndinaimbira foni wachibaleyo. Ndinakonzekera mawu anga m'sitima, koma pafoni anatuluka ochepa.

"Bwana, mutu wawo uli bwino. Ndinawasokoneza ndine."

"Ndiwe munthu wabwino," anatero. "Ukuwaikira kumbuyo, ndikumvetsa. Koma malo apezeka kale, ndipo malo otere sapezekapezeka."

Sindikunena kuti anali munthu woipa. Anali wotopa, ndipo ankaopa moto wina. Pepala linamupatsa chimene ankafuna.

Madamu nawo anayesa. Anamuimbira kawiri ine ndili pompo. Iye ankalankhula mofulumira, osapuma, ndipo iwo ankadikira kuti amalize. Akamaliza ankati ali ndi msonkhano, n'kudula foni.

Katundu ndinalongedza ndine. Kumene ankapitako ankalola sutikesi ziwiri ndi mpando umodzi. Mbale, makatani, bedi ndi mabuku zinapita ku sitolo ya zinthu zakale. Madamu anakhala pakati pa balaza n'kumaloza ndi ndodo, ichi chipite, ichi chitsale. Sanalire. Tsiku lonyamuka anakana njinga ya olumala. Anayenda okha mpaka pa chikepe, pang'onopang'ono, ine kumbuyo ndi masutikesi. Kampani inali itandipezera kale nkhalamba ina, bambo wopuma usilikali, ndipo Lolemba ndinayamba kumeneko.

Nyumba ya okalambayo inali cha ku Bowie. Popanda galimoto kunali kovuta kufikako, ndipo ine ndinalibe. Ndinapitako kamodzi, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, mnzanga wa ku Zambia atandipatsa lifiti. Iye anatsala m'galimoto kumvera mpira pawailesi.

Ndinawapeza m'chipinda cha anthu awiri, atakhala pafupi ndi windo loyang'ana poimika magalimoto. Anali ataonda. Anandizindikira ndisanalowe n'komwe.

"Wanenepa," anatero. "Msilikaliyo akukusiyira nyama?"

"Alibe mano, Madamu."

Anaseka. Anafunsa za mkazi wanga. Anandiuza kuti chakudya chilibe mchere, kuti mnzawo wa bedi linalo amaliza mkonono usana, kuti pawindopo aloweza galimoto ya dokotala aliyense ndi nthawi imene amathawa ntchito. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Ine ndinkangomvera.

Kunalowa nesi wachikulire ndi mankhwala. Anali wochezeka. Atawapatsa madzi anatembenukira kwa ine.

"Ndinu wachibale? Ine amayi awa amandidabwitsa. Mutu wawo ndi wakuthwa kuposa tonse muno. Anabwera bwanji kuno?"

Ndinayang'ana pansi. Panapita kanthawi.

"Funsani ameneyu," anatero Madamu. "Amayankha bwino."

Nesi anaseka osadziwa chimene akuseka, n'kutuluka. Ndinawafunsa ngati pali njira yoti abwerere ku Alexandria. Anati m'fulatimo munalowa kale banja lina, la ana awiri ndi galu.

Mnzanga uja analiza hutala panja. Ndinatsanzika. Anandipatsa dzanja, ndinalilandira ndi manja awiri.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Ndinamva kwa mayi wowasambitsa uja, titakumana pa siteshoni, maliro atachitika kale.