Makaroni amene sindinaphike

Chaka chimene fakitale inayamba kuchotsa anthu ntchito, amuna anga anali m'gulu loyamba. Sipanapite nthawi, anadwala matenda aja amene masiku amenewo tinkangowatchula monong'ona. Ine ndinali ndi kantchito kotaipa makalata ku Lusaka. Ndinkachoka ku Kafue Estates m'mamawa pa minibasi, n'kubwerako dzuwa likulowa, miyendo itatupa, n'kuwapeza ali gone pampando, osalawa kanthu tsiku lonse.

Vuto linali m'kamwa. Munatuluka zilonda zoyera mpaka kukhosi, moti nshima ankaimeza ngati mchenga. Phala analida. Ankati ndi chakudya cha munthu amene abale ake amutaya kale mtima.

Nthawi imeneyo m'masitolo munadzaza katundu wakunja, yemweyo amene anatigwetsera fakitale. Mnzanga wina kuntchito ndiye anandiuza za makaroni. Uwiritse nyama ya pachifuwa cha nkhuku, uiduledule ting'onoting'ono, uikemo tomato, anyezi ndi repu wodula bwino, mafuta pang'ono chabe, kenako usakanize ndi makaroni owiritsa. Theka la ola, munthu wadya. Tsiku loyamba anatuluka olimba, lachiwiri ndinawapyoza muyeso n'kusanduka phala lomwe lija ankalida. Tsiku lachitatu anapsa bwino, ofewa, oterera. Amuna anga anadya masipuni anayi. Ndinkawerenga chamumtima, ndikunamizira kupukuta tebulo. Mlungu wotsatira ankafika theka la mbale, n'kumandiseka kuti ndawasandutsa mzungu ntchito itawathera. Ndinasangalala kwambiri, sindibisa.

Kenako kunabwera alamu anga kuchokera ku Katete, mlongo wawo wamkulu amene anawalera makolo atamwalira. Anabwera kudzadwazika, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri, chifukwa masana pakhomo pankasowa munthu. Madzulo oyamba anasuzumira mumphika, n'kundiyang'ana.

"Alamu, n'chiyani ichi? Mlongo wanga mukum'dyetsa mphutsi?"

"Ni makaroni, amulamu," ndinayankha. "Ndiye vamene bakwanisa kumeza."

"Mwamuna wosadya nshima ndiye kuti wagona ndi njala. N'chifukwa chake waonda chonchi. Kumudzi akamva zimenezi, mudzayankha nokha."

Kuyankhako ndinkakudziwa. Ndinali nditaona mayi wina ku Nangongwe, mwamuna wake atamwalira, akuchimuna akumuloza chala kuti ndiye anamupha. Akuchimunawo anatenga zonse za m'nyumba, mipando, mbale, bedi, n'kumusiyira mphasa. Mtima unandipsa, koma mantha anaposa mkwiyo. Ndinawasiyira alamu khitchini.

Kuyambira pamenepo kunali nshima yolimba, ya munthu wopita kumunda, ndi nkhuku yokazinga mpaka kuuma. Alamu sanali munthu woipa, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akum'bwezera mphamvu mlongo wawo. Amuna anga sakanawatsutsa. Ankatema kambamu, kumeza misozi ili lengelenge, kutemanso kachiwiri, n'kunena kuti akhuta.

Lachitatu lina nditangofika, alamu ali panja kutsuka mbale, amuna anga anandikoka chitenje.

"Nipikileko tuja tumakaroni," ananong'ona. "Tung'ono chabe."

Paketi inali m'kabati. Nkhuku yotsala inalipo. Mbaula inali isanazime. Ndinaima pamenepo ndikumva mbale zikugundana panja, ndikuganiza za msonkhano wa pamaliro ndi zimene alamu adzanene.

"Mailo," ndinatero, kutanthauza kuti mawa.

Sanakakamire. Anasiya chitenje changa n'kutembenukira kukhoma. M'mawa mwake ndinapita kuntchito, madzulo anandiyang'ana, ine n'kunenanso kuti mailo. Pofika Loweruka ngakhale madzi sankadutsa. Anamwalira mlungu wotsatira, masana, ine ndili ku Lusaka.

Titaika maliro, abale anasonkhana pabalaza monga mwa mwambo, ine ndili pansi pakona. Amalume a malemu atafunsa za kadwalidwe kake, alamu anadzuka.

"Mlamu wangayu musam'khudze," anatero. "Poyamba anasochera ndi zakudya za m'tauni, koma nditam'langiza anamva. Mlongo wanga wapita akudya nshima."

Anthu anavomereza ndi mitu. Palibe anatenga ngakhale kapu m'nyumba muja. Mayi wina anandigwira paphewa kuti ndithokoze. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamapazi a alamu, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti zikomo.